Kuchoka ku Salima kupita kumapiri: mmene ndimakonzera galimoto yokoka ndi mawilo onse nyengo ya chisanu

Mwezi wa Meyi ukamatha, mwera ukayamba kuvundula nyanja ku Senga Bay, pagalaja panga pamayamba kufika anthu a maulendo. Wina amusamutsira ntchito ku Dedza, wina ali ndi chinkhoswe ku Ntchisi, wina analonjeza ana kuti akaona mbidzi ku Nyika. Pafupifupi onse amanena zofanana: "Amakaniko, mungoonako oyilo basi, galimotoyi ilibe vuto."

Sakunama ayi. Kuno ilibedi vuto. Salima ili pansi, mamita 500 okha kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, misewu yake ndi yathyathyathya, ndipo ngakhale mu Juni sitidziwa chisanu chenicheni. Batire lotopa kuno limalizabe injini. Mabuleki ofooka amaimitsabe galimoto chifukwa palibe mtsetse woti uwayese. Kutentha kwathuku kumabisa matenda a galimoto, ndipo amakaonekera m'mawa wa ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kapena ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, komwe ndi mamita 2,300 ndipo mu Juni ndi Julaye udzu umadzuka utayera mbee ndi chisanu. Ndagwira sipana zaka zoposa 20, ndipo zomwe ndilembe pano ndi zimene ndimachita ndekha pa Subaru Forester, Toyota RAV4, Nissan X-Trail ndi Honda CR-V zisananyamuke ulendo wotere.

Sindiyambira ku injini. Ndimayambira pansi, pa matayala, chifukwa apa ndi pomwe eni galimoto za AWD, zokoka ndi mawilo onse anayi, amaonongera ndalama zambiri osadziwa.

Galimoto wamba imakoka ndi mawilo awiri, enawo amangotsatira. Mukaika tayala latsopano mbali imodzi, lakutha mbali ina, imayendabe. Ya AWD ndi ina. Mawilo onse anayi ndi olumikizana kudzera mu giyabokosi, propshaft (chitsulo chachitali chotumiza mphamvu ku mawilo akumbuyo) ndi madifu (magiya ogawa mphamvu ku wilo lakumanja ndi lakumanzere), ndipo pakati pamakhala chipangizo chomwe ntchito yake ndi kugawa mphamvu chikaona kuti mawilo ena akuzungulira msanga kuposa anzake. Chipangizochi chimaganiza kuti wilo lothamangalo laterereka. Tsono tayala lakutha ndi laling'ono kuposa latsopano, choncho limazungulira msanga nthawi zonse, ngakhale pa phula louma.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala la 215/65R16, lomwe lili pa X-Trail zambiri, likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi masentimita pafupifupi 15. Likakhala latsopano mano ake amakhala akuya mamilimita 8 kapena kuyandikira pamenepo. Likatha kufika pa mamilimita atatu, kuzungulira kwake kumachepa ndi masentimita atatu. Zikuoneka zazing'ono, koma pa kilomita iliyonse tayala lakuthalo limazungulira kasanu ndi kawiri kuposa linzakelo. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi kuzungulira kwapadera pafupifupi 700, ndipo konseko kumathera m'madifu ndi m'chipangizo chapakati chija, chomwe chimatentha mpaka kupsa.

Chaka china kunabwera mayi wina, namwino, ndi Forester yomwe anaigula itangolowa pa Songwe. Tayala lakumbuyo linaphulika pa Chipoka, mlamu wake anamugulira limodzi latsopano la saizi yomweyo, ena atatuwo ali othaitha. Patapita miyezi inayi galimoto inayamba kunjanja ikamakhota pang'onopang'ono, ngati ikukana kulowa pageti. Ndalama yomwe inapita pokonza giyabokosiyo ikanagula matayala anayi n'kutsalako. Anandifunsa kuti, "Nanga bwanji palibe anandiuza?" Funso limenelo limandipwetekabe, n'chifukwa chake ndimatalikitsa nkhaniyi kwa aliyense.

Kuyeza sikufuna makina. Popani matayala onse mpweya womwe walembedwa pa kachikwangwani ka pachitseko cha dalaivala. Imikani galimoto pamalo osalala, lembani ndi choko pansi penipeni pa tayala lililonse, kenako wina ayendetse molunjika pang'onopang'ono inu mukuwerenga mpaka wilo limodzi litazungulira ka 10, choko chili pansi. Pitani mukaone enawo. Ngati choko cha tayala lina chapitirira kapena kutsalira ndi masentimita oposa 6, matayalawo sakuyenera kukhala pa galimoto imodzi. A Subaru amanena kuti kusiyana kwa kuzungulira kamodzi kusapose mamilimita 6, ndipo ine muyeso umenewu ndimaugwiritsa ntchito pa AWD iliyonse. Ndikudziwa kuti matayala anayi pakamodzi ndi ndalama yowawa. Ngati thumba silikulola, funani la kaunjika la dzina lomwelo, saizi yomweyo, lomwe latha mofanana ndi atatu otsalawo, mupite ndi chingwe mukaliyeze musanapereke ndalama. Ndipo kuti azitha mofanana, muziwasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo makilomita 10,000 asanakwane.

Pali chinanso. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi matayala a nyengo ya sinowo. Muwazindikira ndi kachithunzi ka phiri kokhala ndi kanyenyezi ka sinowo pakati, kapena mawu oti STUDLESS, kapena maina ngati Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Ena amati popeza tikupita kozizira, amenewa ndiye abwino. Ayi. Labala wake ndi wofewa, anapangidwira msewu woundana, ndipo pa phula lotentha la M5 amasungunuka ngati sopo, komanso kukagwa mvula galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Chisanu cha ku Dedza sichifuna matayala amenewa. Onaninso manambala anayi omalizira pambali pa mawu oti DOT: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka 6 ndimaliyang'ana ndi diso lokayika ngakhale mano akhale akuya, ndipo mano akatsika kufika mamilimita 1.6 ntchito yake yatha.

Kasipeya kakang'ono kaja n'kongokufikitsani pomatitsa tayala, osati kokwera nako phiri. Ma Subaru akale a otomatiki ali ndi malo a fyuzi olembedwa FWD: mukaika kasipeyako mumalowetsamo fyuzi, galimoto imayamba kukoka ndi kutsogolo kokha, ndipo mukabwezera tayala lenileni mumaichotsa. Opita ku Nyika atenge sipeya yeniyeni ya saizi yofanana, pampu ndi geji. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanayende. Kukazizira ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi mpweya umatsika ndi psi imodzi, pomwe kukwera phiri kumaukweza pang'ono, choncho musaganizire, ingoyezani.

Ndikachoka pa matayala ndimalowa pansi. AWD ili ndi malo ambiri a oyilo kuposa omwe anthu amawadziwa: injini, giyabokosi, difu yakumbuyo, ndipo pa zambiri palinso transfer (kabokosi ka magiya kotumiza mphamvu kumbuyo) kapena difu yakutsogolo yokhala ndi oyilo wakewake. Malo otchipa osinthira oyilo amangokhudza injini. Ndatsegulapo madifu omwe chichokereni ku Japan palibe anawagwira.

Yambani mwamasula bawuti yothirira, yapamwamba, musanakhudze yokhetsera. Mukayamba ndi yapansi kenako yapamwamba n'kukanika, mwatsala ndi difu yopanda kanthu. Lowetsani chala: oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Akakhala wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Kuno zimenezi n'zosasowa, chifukwa dzinja timawoloka madzi osefukira a Linthipe ndi Lifidzi, ndipo difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madziwo. Pa bawuti yapansi pali maginito. Utuchi wosalala wachitsulo si wodetsa nkhawa, koma tizidutswa togwirika ndi chala ndi chizindikiro chakuti mano ayamba kudyana. Madifu ambiri amafuna 75W-90 kapena 80W-90 wa GL-5, ndipo wopita kozizira ndimamuthirira 75W-90 chifukwa salimba kwambiri m'mawa. Koma CR-V musaiyerekeze. Difu yake yakumbuyo imafuna oyilo wa Honda wotchedwa Dual Pump Fluid, ndipo mukathira wina imabuula pokhota. Chimodzimodzi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT: X-Trail ya T31 imafuna oyilo wa NS-2, osati ATF wamba, oyilo wa otomatiki zina, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Pa Subaru ya otomatiki pali timitengo tiwiri toyezera, kena ka ATF kena ka difu yakutsogolo, ndipo ndaonapo anyamata atathira oyilo polakwika.

Muli pansi pomwepo finyani malabala a ma CV onse, majoini a pa zitsulo zozunguza mawilo, kutsogolo ndi kumbuyo. Labala wong'aluka amamwaza girisi n'kulowetsa mchenga, ndipo mchenga wa kunyanja kuno umapera joini ngati mphero. Gwedezani propshaft, isamachite khobokhobo. Tenganinso sikuludiraiva mugogode chitsulo chonyamula difu yakumbuyo, mapaipi a buleki ndi paipi yothirira mafuta. Kumadera a sinowo ku Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu, ndipo galimoto yochokera kumeneko imatha kuwala pamwamba pansi pali dzimbiri lofumbutuka. Paipi ya buleki yotupa ndi dzimbiri siimatidwa, imasinthidwa.

Tsopano madzi. Apa ndimakangana ndi amakaniko anzanga, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Kuno kuli chizolowezi chochotsa thermostat, amati ndi ya kwa azungu kozizira, ku Salima siifunika. Thermostat ndi kachitseko kotsekera madzi mu injini mpaka itafunda, n'kutseguka pa madigiri pafupifupi 80 malinga ndi mtundu wa galimoto. Mukaichotsa, kuno simuona kusiyana kwenikweni. Kuphiri injini siifunda, kompyuta yake imapitiriza kuthira mafuta ambiri poganiza kuti mwangoliza kumene, petulo amatsuka oyilo m'masilinda, ndipo hita imatulutsa mphepo yozizira. Ibwezereni. Kuti mudziwe ngati ili moyo, iponyeni m'poto wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanawire.

Mu ladiyeta musamathire madzi a pamjigo. Ambiri kuno ali ndi mchere, amasiya chikokombe m'timabowo ta ladiyeta ndipo amadya pampu. Khetsani zonse, tsukani mpaka madzi atuluke oyera, ndipo thirani kulanti wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, oyera aja osati asidi, pokhapokha ngati pa chigubu palembedwa kuti ndi wosakaniza kale. Wotere saundana mpaka madigiri 35 pansi pa ziro, chisanu chomwe ku Malawi kulibe, koma phindu lake lalikulu kwa ife ndi lakuti amaletsa dzimbiri komanso sawira msanga. Izi n'zofunika chifukwa pamwamba madzi amawira msanga: pa Chelinda madzi a m'poto amawira pa madigiri 92, osati 100. Chomwe chimathandiza madzi a mu injini kusawira ndi chitsekerero cha ladiyeta, chija cholembedwa 0.9 kapena 1.1. Labala wake akauma, galimoto imawira pa chikweza ngakhale kunja kukuzizira. N'chotchipa, sinthani. Injini ya Subaru imakonda kusunga mpweya m'kati mukathira madzi atsopano, choncho imikani mphuno ili m'mwamba, tsegulani hita mpaka kumapeto, ilire chitsekerero chili chotsegula mpaka thovu litasiya. Chitsekererocho musadzachitsegule injini ili yotentha.

Hita ija ambiri kuno anaidula mapaipi itayamba kudontha. Kumapiri si ya ulemu chabe ayi, ndi imene imachotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo. Mukakumana ndi nkhungu ya ku Dedza galasi lili mbuu mkati, mudzayendetsa ndi dzanja limodzi linalo likupukuta. Ikonzeni, ndipo muziyatsa hita pamodzi ndi AC chifukwa AC imaumitsa mpweya. Ekizozi ikhale yosabooka, popeza kozizira mumatseka mawindo onse ndipo utsi wake umapha osanunkha. Musagone m'galimoto injini ikulira kuti mufunde.

Batire limaphedwa ndi kutentha, koma maliro ake amachitikira kozizira. La zaka zitatu kuno ku Salima lakalamba kale. Liyezeni galimoto itagona usiku wonse: lodzaza limaonetsa mavoti 12.6, likaonetsa 12.2 lili pa theka. Wina alize injini inu mukuyang'ana mita, lisatsike pansi pa 9.6, ndipo injini ikalira muone pakati pa 13.8 ndi 14.4, kusonyeza kuti alternator ikutchaja. Tsukani mitu yake ndi madzi ofunda ndi soda, mangani zolimba, ndipo batire lenilenilo likhale lomangidwa chifukwa mabampu amalipha. Kumbukirani kuti otomatiki siilira pokankha. Tengani zingwe za jampa.

Oyilo wa injini: ambiri kuno amakonda 20W-50, amati wokhuthala ndiye wamphamvu. Nambala yoyambayo imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, ndipo ikachepa ndiye kuti amafika msanga pamwamba pa injini m'mawa. Galimoto za ku Japan zapetulo zambiri zinalembedwera 5W-30, zina zatsopanopo 0W-20. Ngati injini yanu siidya oyilo, bwererani pa zomwe zinalembedwa. Ikakhala yotopa, 10W-40 ndi wapakati wabwino. Wa dizilo ayezetse ma glow plug onse, tizitsulo totenthetsa injini isanalire. Kuno ngakhale awiri atafa galimoto imalira, koma kuphiri idzangokhosomola utsi woyera. Khetsaninso madzi mu fyuluta ya dizilo. Ndipo ngati injini yanu ndi ya timing belt, lamba woyendetsa mavalavu, funani kapepala komatidwa pa injini kosonyeza pomwe anasinthira. Makilomita 100,000 akakwana musadikire.

Za mabuleki ndikufuna mumve bwino. AWD imathandiza kukwera ndi kuchoka m'matope. Poima siithandiza chilichonse, imaima ngati galimoto ina iliyonse, ndipo popeza ndi yolemera imafunanso mtunda wochulukirapo. Anthu amakwera chikweza cha Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti kupita ku Dedza mosavuta n'kuyamba kuikhulupirira galimoto mopitirira. Ngozi ili pobwerera.

Mafuta a buleki amayamwa chinyontho, ndipo kunyanja kuno chinyontho n'chambiri. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155. DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. Pa mtsetse wautali, phazi likakhala pa buleki nthawi yonse, kutenthako kumafika, mafuta amachita thovu, ndipo chopondera chimangolowa mpaka pansi. Sinthani mafutawa zaka ziwiri zilizonse, onse, mpaka otuluka ku wilo lililonse akhale oyera. Mapadi akatsala mamilimita atatu musapite nawo kuphiri. Potsika gwiritsani giya yomwe mukanakwera nayo: pa manyuwo yachiwiri kapena yachitatu, pa otomatiki 2 kapena L, pa CVT ikani L kapena Ds malinga ndi zomwe zilipo. Injini ilira mokweza, isiyeni, ndiyo ntchito yake. Pondani buleki mwamphamvu pang'ono, liwiro litsike, chotsani phazi kuti azizire. Khalidwe lotsetsereka pa fili pofuna kupulumutsa mafuta ndimadana nalo ndi mtima wonse. Galimoto za masiku ano zimadula zokha mafuta mukatsika muli mu giya phazi lili pambali, ndiye palibe chomwe mukupulumutsa. Mukamva fungo la mapadi, imani pamalo abwino, ikani mwala ku tayala, dikirani theka la ola, osathira madzi.

Pokwera musadabwe galimoto ikafooka. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi magawo atatu pa 100 pa mamita 300 aliwonse. Kuchoka kuno kukafika pa Nyika mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Fyuluta ya mpweya ikhale yoyera, tsitsani giya, ndipo diso likhale pa geji ya kutentha. Ya turbo musaizimitse mukangofika pamwamba, ilire kaye mphindi imodzi kapena ziwiri. Batani la LOCK pa X-Trail ndi RAV4 ndi la m'matope ndi mumchenga pa liwiro lochepa, mukatuluka bwezerani pa AUTO. Eni Hilux ndi anzake a 4x4 yochita kulowetsa, 4H ndi ya msewu wafumbi ndi woterera, pa phula louma imamanga magiya.

M'mawa wa kuphiri chitani zinthu modekha. Zimitsani magetsi, wailesi ndi hita musanalize. Wa dizilo adikire kanyali ka waya wopotana kazime, kukazizira kwambiri abwereze kawiri. Musapotokole kiyi kupitirira masekondi 10. Ikakana pumulani theka la mphindi. Ikalira musaipondereze moto, ipatseni mphindi imodzi, kenako nyamukani pang'onopang'ono, chifukwa madifu ndi giyabokosi zimafunda poyenda, osati poima. Nthunzi yoyera ku ekizozi yomwe ikutha injini ikafunda si vuto. Chisanu chikaundana pa galasi musathirepo madzi otentha, limasweka, makamaka ngati linali kale ndi kamng'alu. Mu nkhungu yatsani magetsi apansi. Aatali amangokubwererani m'maso.

Opita ku Nyika adzaze thanki pa Rumphi, chifukwa kuchoka pamenepo kudzera pa geti la Thazima mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu msewu wafumbi, ndipo muyenera kuwerengera zobwerera. Zikavuta panjira, wokoka galimoto asanyamule mawilo awiri enawo akugubuduzika pansi. AWD imakwezedwa yonse pa lole. Pakasowa lole, makaniko amasule kaye propshaft ngati mtundu wa galimotoyo ukulola, apo ayi makilomita ochepa okha aja adzapsereza zomwe mwakhala mukusamala.

Mukabwerako mudzadutse, kapena chitani nokha pakhomo: tsukani pansi matope onse asanaume m'mawilo ndi m'mabuleki, gugudani fyuluta ya mpweya, onani ngati kulanti watsika mu kabotolo, yang'anani malabala a CV ngati mwala sunawang'ambe. Kenako pitani pabwalo lopanda anthu, pindani chiwongolero mpaka kumapeto, zungulirani pang'onopang'ono kumanja kawiri, kumanzere kawiri, mawindo ali otsegula. Ikazungulira mwakachetechete zonse zili bwino. Ikanjanja kapena kulira kuti kha-kha-kha, tengani choko muyambirenso pa matayala.